Galimoto Inyamuka Ikadzaza

Ntchito yanga yoyamba inali yodikira kuti nsomba za munthu wina zifewe. Ndinabwera ku Chiweta kuchokera kwathu ku Dowa ndili mnyamata, nditanyamula thumba limodzi ndi pakamwa, ndipo pakamwapo ndi pamene panandidyetsa zaka zonse zimene ndinachita geni ya usipa. Msodzi akakocheza m'mawa amatchula mtengo wa kumwamba. Iwe usayankhe. Utole kansomba kamodzi, ukanunkhize, ukabweze, umufunse za ana kunyumba, kenako ukakhale pamthunzi. Dzuwa ndi limene limakunenerera. Likamakwera nsomba zimayamba kufewa, msodzi nayenso amafewa, mpaka amakuitana yekha kuti, "Iwe Mchewa, bwera tikambirane." Ndinkagula choncho, n'kuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Mzuzu. Asodzi ankati munthu ukandigulitsa chinthu umafika kunyumba ukudzifunsa ngati sunaberedwe.

Kenako kunabwera amalonda a magalimoto awoawo, ogula pa foni nsomba zisanatuluke n'komwe m'madzi. Ife odikira dzuwa tinkapeza zatha. Msana nawo unayamba kukana matumba. Koma zaka zonse zoyenda pamsewu wa M1 zinali zitandisiyira katundu wina m'mutu, ndipo anthu ankabwera kudzamutapa. Ndi basi iti imafika ku Karonga kusanade? Ku Mzuzu munthu wa m'thumba mopepuka angagone pati osadyedwa ndi nsikidzi? Ndi dalaivala uti amayamba walawa asanagwire chiwongolero? Ndinkayankha zonsezi ulere. Tsiku lina ndili m'kati mofotokozera mayi wina kayendedwe ka ku chipatala, ndinadzimvetsera ndekha n'kuzindikira kuti ine, munthu wosapereka ngakhale mutu wa usipa waulere, ndakhala ndikumwaza malonda mumsewu.

Ndinauza mkazi wanga, Mtumbuka wa pa Chiweta pomwepo, kuti nsomba ndasiya.

"Ndiye muzigulitsa chiyani?" anafunsa.

"Maulendo. Munthu azingonena kumene akupita, ine ndizimukonzera galimoto, pogona, zonse."

"Galimoto muli nayo?"

"Ayi."

"Nyumba ya alendo?"

"Ayi."

"Ndiye muzigulitsa magalimoto a eni, mabedi a eni ndi msewu wa boma."

"Nanga nsomba zija zinali zanga? Zinali za nyanja."

"Zija zikakana kugulika tinkadya, bambo. Ulendo ukakana kugulika tidzaukazinga?"

Ndinangogulitsa mathandala anga, n'kuchita lendi kakhonde ka golosale ina m'mbali mwa msewu. Ndinaikapo tebulo, benchi ndi chikwangwani, n'kugula malaya oyera. Anzanga a ntchito imeneyi m'tauni amagulitsa matikiti a ndege pa kompyuta. Ine ndege ndinali nditangoionapo ili m'mwamba, koma ndinati ndiyambira pamene pali matayala.

Anthu ankabwera ndithu. Ankakhala pabenchi, n'kufunsa zonse zimene akufuna, ine n'kuyankha mwaulemu wa mu ofesi. Akatero ankaimirira, "Yewo chomene," n'kumapita. Kusiyana kwake ndi kale kunali kwakuti tsopano ankafunsa atakhala pansi, pabenchi yolipiridwa lendi. Asodzi anandipatsa dzina loti a maulendo, ndipo sikuti ankandilemekeza.

Makasitomala anga oyamba enieni anali aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Mlowe pamodzi ndi akazi awo. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wa imvi, ndipo aliyense ankawatchula kuti asambizgi, monga amatchulidwira aphunzitsi kuno. Chichewa chawo chinali cha m'buku, chokhala ndi kanyimbo ka Chitumbuka. Mwana wawo wotsiriza, wamkazi, ankalandira digiri ku yunivesite ya pamwamba pa phiri ku Khondowe. Mayi anali ndi bondo lovuta. Kulimbirana matola sakanatha, ndipo za njinga yamoto anakaniratu ndisanazitchule.

"Tikufuna munthu woti atinyamule ku Mlowe, atigoneke ku Chitimba, m'mawa mwake atikweze phiri," anatero aphunzitsi. "Mwambo uyamba naini koloko. Dzina la mwana limaitanidwa kamodzi, bambo. Salibwereza chifukwa choti makolo anachedwa. Amayi akewa anavutikira mwana ameneyu, ndipo akufuna alimve dzinalo ndi makutu awo."

Mayi anangondiyang'ana, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, momwe ndinkayang'anira beseni la usipa wokayikitsa.

Ndinadziwa kuti ntchito yanga yonse yatsamira pa ulendo umenewu. Mabanja otere, a aphunzitsi, anamwino ndi abusa, sakhala pansi. Lero ukwati, mawa msonkhano wa mpingo, mkuja mwana akumaliza sukulu, ndipo akatuluka m'tchalitchi amauzana zonse. Ndikawafikitsa dzina lisanaitanidwe, ndapeza ntchito. Ndikalephera, chikwangwani chija mkazi wanga akasonkhezera moto.

Ndinapita ku Chitimba kukafuna galimoto. Pamenepo ndi pamene msewu wa ku Khondowe umapatuka pa M1 n'kuyamba kukwera phiri, ndipo si galimoto iliyonse imaufuna. Matola ake ndi mapikapu, anthu awiri kutsogolo, ena onse kumbuyo pamodzi ndi katundu. Madalaivala awiri a magalimoto ooneka bwino anatchula mitengo yawo ya mipando ya kutsogolo. Ndinapukusa mutu n'kudutsa. Wachitatu anali bambo wonenepa wodya nzimbe, mwini pikapu yoyera yokalamba imene chitseko chake chinkatsegukira kunja kokha. Ameneyo ndinakhala naye masana onse. Ndinanyoza matayala. Ndinanyoza mpando. Ndinanyamuka ngati ndikupita, n'kubwerera ngati ndaiwala kanthu. Pomaliza anataya chikhungwa cha nzimbe n'kunena kuti, "Tengani, a Mchewa, mutu wandipweteka."

"Loweruka m'mawa?"

"M'mawa."

Ndinabwerera ku Chiweta ndikuimba mluzu. Aphunzitsi ndinawatchulira mtengo wa ulendo wonse wotsika moti anavula magalasi n'kundifunsa ngati sindinalakwitse. Ndinati umu ndi momwe timagwirira ntchito ife.

Lachisanu zonse zinayenda bwino. Anafika ku Chitimba, chipinda anachikonda, mayi anandiyankha moni koyamba. Loweruka m'bandakucha ndinamva magalimoto akulira pasiteji, anthu a ku mwambo akukankhana, ana akulira, wina akutukwana kuti amupondera nsapato. Ndinagogoda kwa aphunzitsi n'kuwauza kuti asatekeseke ndi phokosolo. "Imwani tiyi mofatsa, asambizgi. Zokankhanazo ndi za anthu opanda wowakonzera. Inu mipando yanu ikukudikirani."

Dzuwa litatuluka ndinawaperekeza pasiteji, ine patsogolo ndi chikwama chawo, malaya oyera ali mbuu. Siteji inali yopanda anthu. Chikhamu chonse chinali chitakwera kale ndi magalimoto awiri aja. Panatsala pikapu yathu yokha, dalaivala atatulutsa mapazi pawindo, kumbuyo kuli bambo mmodzi ndi thumba la simenti. Ndinatsegulira mayi chitseko, aphunzitsi anakhala pambali pawo, ine n'kumenya boneti ndi chikhatho.

"Tiyeni, a dalaivala!"

"Tipita."

"Ndikunena tsopano."

"Ikadzaza."

Ndinazungulira kupita kuwindo lake n'kutsitsa mawu. "Tinagwirizana kuti m'mawa."

"Nanga uno ndi usiku? Inu munagula mipando iwiri. Ndi imeneyo, akhalapo, palibe awachotse. Kunyamuka simunagule. Wofuna kunyamuka nthawi yake amachita hayala galimoto yonse. Pa mtengo munandifinya uja, mafuta ake sangatifikitse ngakhale pa kona yoyamba."

Ananena zoona, ndipo chondiseketsa lero n'chakuti ndinkazidziwa. Ndakwera matola moyo wanga wonse. Ndagonapo m'galimoto yodikira munthu mmodzi. Koma tsiku lonenerera lija maso anga anali pa mtengo pokha, monga mwa chizolowezi, ndipo ndinaiwala kuti aphunzitsi sanabwere kwa ine kudzagula mpando. Ndalama ya hayala ndinalibe, poti mtengo wodzionetsera uja sunandisiyire kanthu. Kubwerera kwa aphunzitsi kukapempha zoonjezera kunali kudzitsekera ndekha ofesi.

Aphunzitsi anasuzumira pawindo, atapinda dzanja la jekete kuti wotchi ioneke. "Pali vuto, a maulendo?"

"Palibe, asambizgi. Tikudikira injini itenthe."

"Injini yozimitsa imatentha bwanji?"

"Ndi ya dizilo," ndinatero, n'kuchokapo msanga.

Ndinaima m'mbali mwa M1 n'kudziuza kuti chabwino, akuti ikadzaza, ndiye ndiidzaza ndine. Ndinayamba kukuwa ngati woitanira. "Khondowe! Khondowe! Atsala awiri, ikunyamuka!" Bodza limenelo aliyense amalidziwa, koma limanenedwabe. Minibasi yochokera ku Karonga inatsitsa mnamwino wobwerera ku ntchito, ndinamulanda chikwama asanaponde pansi bwinobwino. Ina inatsitsa bambo wa nkhuku ziwiri amene ndinamukokera mpaka pagalimoto, kenako n'kundiuza kuti kwawo ndi pa Chitimba pomwepo. Ndinapezanso wina wogulitsa zidebe. Dalaivala anasuzumira kumbuyo n'kubweza mapazi ake pawindo.

"Akadali ochepa. Koma katundu nayenso ndi munthu, a maulendo. Amalipira."

Atatchula katundu ndinakumbukira amayi a nsomba. Tsiku lililonse pali amayi amene amagula usipa wauwisi pa Chitimba n'kukwera nawo ku Khondowe kukagulitsa m'nyumba za pamishoni. Munthu aliyense ndi beseni lake, ndiye kuti aliyense ndi anthu awiri. Koma amakwera dzuwa litakwera, ndipo chifukwa chake palibe ankachidziwa kuposa ine.

Ndinathamangira kudooko. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, mabeseni opanda kanthu ali pambali, ndendende momwe ndinkakhalira ine. Asodzi nawo anali atakhala pa mabwato awo, nsomba zili m'kati, aliyense akuyang'ana kumbali ngati sakuonana. Mtsogoleri wa amayiwo anali mayi wina wa thupi ndi mawu, amene tinkalimbirana naye nsomba kale. Amanditchula alamu chifukwa ali pachibale chakutali ndi mkazi wanga.

"Alamu! Ofesi yagwa kale? Mwabwerera ku usipa?"

"Ofesi ili bwino. Dzukani, alamu. Kumwambaku lero nyumba iliyonse ili ndi alendo, ndiwo palibe. Wofika woyamba ndi amene atchule mtengo. Galimoto ikunyamuka pompano."

"Za alendo tikuzidziwa. Koma awa sanafewe." Analoza asodzi ndi mlomo.

"Ndikawafewetsa munyamuka?"

"Inu? Ndi malaya amenewo?" Amayi onse anaseka. "Afewetseni tione. Akatsitsa, tinyamuka."

Ndinapita kwa msodzi wamkulu pagululo, bambo wa ndevu amene ndinamuvutitsa zaka zambiri. Atandiona anakuwira anzake kuti, "Bisani nsomba, Mchewa wabwera!"

Ndinatola kansomba n'kukanunkhiza monga kale. Ndinamuuza kuti amayi onsewa agula nsomba zonse nthawi imodzi, iye akagone, m'malo mokhala padzuwa n'kumagulitsa pang'onopang'ono. Anandimvetsera akundiyang'ana pamphumi.

"Thukuta limeneli ndi la chiyani, a maulendo? Inu simutuluka thukuta. Inu mumakhala pamthunzi. Lero mukuthamangira kuti?"

Munthu wonenerera akaoneka kuti akufulumira, watha. Ndinaona kuti bodza lingonditayitsa nthawi, ndiye ndinamuuza zonse: aphunzitsi, bondo la mayi, mwana wa digiri, mipando iwiri ndi galimoto yosanyamuka. Anaseka mpaka anagwira bwato.

"Bwerani mudzaone! Mchewa akufulumira! Dzuwa lamutembenukira!"

Asodzi anasonkhana. Amayi nawo anayandikira.

"Chabwino," anatero wa ndevu uja akupukuta misozi. "Tchulani mtengo ndinu."

Chiyambire geni ndinali ndisanatchulepo mtengo poyamba. Ndinautchula. Anaukana. Ndinakweza, mlamu wanga n'kunditsina pamkono kuti ndalama zake si zanga. Tinakokana mpaka tinafika pakati, pamene amayi akanapindulabe, koma msodziyo sanafune kutseka.

"Chatsala chimodzi. Zaka zonsezi nsomba zanga mwakhala mukuziti zazing'ono, zagona, zanunkha mafuta. Lero nenani pamaso pa anthu kuti nsomba zanga ndi zabwino."

"Ndi zabwino."

"Sanamve a kumapetoko."

Ndinatembenuka n'kukuwa, dooko lonse likumva, kuti nsomba za bamboyu ndi zabwino, zakhala zabwino kuyambira kale, ndipo wonunkha ndinali ine. Anaomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli. Mabeseni anayamba kudzazidwa.

Mlamu wanga anaikapo lake lamulo, loti popeza ndawadzutsa nthawi isanakwane, mabeseni olemera ndisenze ndine. Ndinasenza. Kuchokera kudooko kufika pamsewu si patali, koma ndinapita n'kubwerera, madzi a usipa akutsikira m'khosi, malaya oyera aja akusanduka mtundu umene ulibe dzina. Nthawi iliyonse ndikafika pagalimoto ndinkapewa kuyang'ana kutsogolo. Ndinangomva mayi akufunsa amuna awo m'Chitumbuka ngati munthu wosenza nsombayu ndi yemwe uja wa ofesi.

Amayi anakwera, mabeseni anapanikizidwa pakati pa miyendo, wa simenti anakhalira thumba lake. Dalaivala anatsika, anazungulira galimoto mosafulumira, anagogoda tayala ndi phazi.

"Mmodzi."

"Mmodzi chiyani?"

"Watsala mmodzi."

Ndinayang'ana msewu. Kumpoto kunalibe kanthu, kummwera kunali mbuzi. Pa dongosolo langa ine sindinkayenera kukwera. Wokonza maulendo amatsazika makasitomala n'kubwerera ku tebulo lake. Ndinaponda tayala n'kudzipanikiza pakona, pafupi ndi beseni la mlamu wanga.

"Mmodziyo ndi ine. Lizani."

"Mtengo wake ndi wa aliyense, a maulendo. Kumbuyo sitinenerera."

Ndinalipira osatsegula pakamwa. Injini inalira.

Amene sanakwerepo msewu umenewo asamanene kuti anayendapo pagalimoto. Umakwera mokhotakhota pakhoma la phiri, makona ake mpaka anachita kuwalemba manambala, ndipo ena ndi opanikiza moti dalaivala amayamba wabwerera m'mbuyo kuti akhote, matayala akumbuyo ali m'mphepete mwa phompho, ife a kumbuyo tikuyang'ana nsonga za mitengo pansi pathu. Kutsogolo mayi anayamba kupemphera mokweza. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa. Kale likamakwera ndinkasangalala. Tsiku limenelo ndinkafuna wina aligwire mwendo.

Amayi a nsomba anali atamva nkhani yonse kudooko, ndipo ulendo uja anausandutsa wawo. Ankamenya denga la galimoto. "Pondani, a dalaivala, mwana akudikira!" Wa zidebe atapempha kuti atsike pa kanjira ka kwawo, anayamba kumasula katundu wake mofatsa, akutsazika aliyense payekha. Mlamu wanga ananyamula zidebe zonse n'kuziika pansi nthawi imodzi. "Mukatsazike pa foni, dada. Tiyeni!"

Pa kona ina ya miyala, pamene mvula inakokolola dothi, galimoto inakana. Inalira, inanunkha, inabwerera pang'ono. Dalaivala anatulutsa mutu. "Amuna atsike!"

Amuna tinali ine ndi wa simenti. Tikuika mapewa, ndinamva wina akugogoda chitseko cha kutsogolo, chija chotsegukira kunja kokha. Ndinathamanga kukatsegula. Aphunzitsi anatsika, anavula jekete n'kupatsira akazi awo, anapinda manja a malaya.

"Asambizgi, inu khalani, tikwanitsa."

"Mwana ndi wanga," anatero, n'kuika phewa pambali panga.

Tinakankha. Galimoto itapendekera m'mwamba, madzi onse a m'mabeseni anatsetserekera kumbuyo n'kutuluka pansi pa chitseko cha kumbuyo, molunjika pa thalauza la aphunzitsi ndi nsapato zawo zopolishidwa. Sanasiye kukankha. Matayala atagwira, galimoto n'kukwera pamalo abwino, anaima akupuma mwamphamvu n'kuyang'ana miyendo yawo.

"A maulendo, izinso zinali m'kati mwa mtengo uja?"

"Imeneyo ndi banyira, asambizgi. Kasitomala wabwino timamuonjezera."

Sanaseke. Koma pokwera anandilola kuti ndiwagwire mkono.

Tinafika pamwamba nthawi itapitirira. Magalimoto anali ponseponse, anthu atadzaza mpaka panja pa holo, ndipo pa zokuzira mawu munthu ankawerenga kale mayina, limodzilimodzi, lililonse likutsatiridwa ndi nthungululu. Aphunzitsi anafunsa bambo wina woimirira pakhomo kuti ayamba liti, iye anangoti pakhala kanthawi. Sanadziwe ngati gulu la mwana wawo ladutsa.

Mayi anatsika, koma bondo linali litauma ndi ulendo. Anaponda kamodzi n'kugwira chitseko. Pakati pa iwo ndi khomo panali khamu loti ngakhale wa miyendo yabwino akanavutika. Mlamu wanga anatsitsa beseni lake n'kuitana mnzake. Anawagwira mayi uku ndi uku, pafupifupi kuwanyamula.

"Alamu, yang'anirani nsomba. Mukagulitsa motchipa ndikuphani." Kenako anakweza mawu aja amene amamveka kuchokera kudooko mpaka pamsewu. "Njira! Njira! Amayi a mwana adutse!"

Anthu a masuti ndi madiresi atsopano anatembenuka, anaona zitenje zonyowa, anamva fungo, njira inatseguka yokha. Aphunzitsi anatsatira pambuyo, jekete lili pamkono, mutu uli m'mwamba. Analowa.

Ine ndinatsala panja pansi pa mtengo ndi amayi otsalawo ndi mabeseni. Ophika a m'nyumba za pafupi anayamba kubwera ndi mbale. Ndinkapima usipa ndi manja, makutu ali ku zokuzira mawu. Dzina la mwanayo loyamba sindinkalidziwa, ndinkadziwa la bambo ake lokha. Mayina ankapita. Ena ankafanana nalo poyambira, kenako n'kuthera kwina. Mayi wina anandinenerera mbale ya mlamu wanga ndipo ndinamulola osamva n'komwe zimene ananena. Ndinayamba kukonza mawu okawauza aphunzitsi akatuluka, ndi ena okamuuza mkazi wanga.

Kenako ndinalimva. Dzina lachikazi, n'kutsatira la aphunzitsi, lomveka bwino lomwe. M'holomo munaphulika nthungululu ya munthu mmodzi, yonjenjemera, ya mawu okalamba, ndipo pamwamba pake panagwera ya mlamu wanga imene inagwedeza mazenera. Amayi amene ndinali nawo panja anasiya makasitomala n'kuyamba kululutira nawonso, anthu n'kumadabwa kuti ogulitsa nsombawa mwana wawo ndi uti. Ine ndinakhala pansi, pafumbi.

Mwambo utatha anatuluka atatu, mwana ali pakati mu mkanjo wake wakuda, mayi atamukolowekera mkono. Mayi anandilozera kwa mwanayo n'kunena zina m'Chitumbuka zimene zinamuseketsa mpaka anagwira chipewa kuti chisagwe. Aphunzitsi anabwera pamene ndinaima. Thalauza linali litauma, koma ntchentche zinkawadziwabe.

"Mwatifikitsa," anatero. "Mochedwa, monunkha, koma amayi ake amva."

"Pepani, asambizgi."

"Mawa tikatuluka m'tchalitchi titsika. Galimoto ikhale ya ife tokha, inyamuke ife tikakwera. Mtengo mundiuze lero lomwe, wonse. Musandichitirenso chifundo, bambo, chifundo chanu n'cholemetsa."

Ndinapita kukafuna dalaivala. Ndinamupeza atagona pansi pa pikapu yake kuseri kwa msika, chipewa chili kumaso. Ndinamugwedeza phazi.

"Mawa ndikuifuna yonse."

"Yonse?"

"Yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi nthawi yake yonyamukira."

Anasuntha chipewa n'kutsegula diso limodzi. Kenako anatuluka pansi pa galimoto, anadzisasa fumbi, anathyola nzimbe pabondo n'kundipatsa chidutswa.

"Khalani pansi, a maulendo. Apa ndiye tikambirana."

Ndinakhala.